Msomali wa Goli

Ndinayamba ndi makasu.
Mboni yanga ndi Chambe, ndi madzi a Likhubula
amene ndinkaziziritsiramo mbaniro.
Khasu limodzi linkagula mbuzi yaikazi,
awiri ankatseka pakamwa pa mlandu,
ndipo manja anga ankanunkha makala a mwanga
ngakhale ndiwatsuke ndi mchenga.

Chaka chimene mapira anaumira m'munda opanda wokolola
anabwera anyamata a m'linga:
Wosula, tiphwanyire makasuwa, tikufuna mipaliro.
Ndinaphwanya.
Khasu limodzi, mipaliro khumi ndi iwiri,
ya ngowe zoloza kumbuyo
kuti ikalowa iiwale njira yotulukira.
Kamwaza, mwana wa mlongo wanga, ndiye ankavukuta,
ndipo nsonga iliyonse ikazizira
ankaiyesa pachala chachikulu
n'kumaseka.

Tinalimba mvula ziwiri.
Akazi ndi ana ankagona m'mapanga, kumtunda,
kumene chiperoni chimanyowetsa ndi mawu omwe.
Tinaunjika miyala pakamwa pa njira
yongodikira kukankhidwa ndi phazi.
Koma uta umafuna uyambe wamuona munthu,
gogodera amaswa mpanda ndi wobisala kuseri kwake.
Linga linagwa tambala atalira kamodzi.
Utsi wa onga unanunkha ngati dzira losukusa,
ndipo amene anathawira kumtsinje
anapeza ena akuwadikira padooko.

Ine sanandimange.
Mkulu wa nkhondo, Che Ndogolo, anatembenuza zikhato zanga,
anawerenga zipsera, nati:
Uyu ndi chuma, mpatseni madzi.
Anandimangira chipala china patsinde pa mkuyu
nandiveka mikono inayi ya biriwita.
Ndinaphunzira kulumikiza khutu la mfuti likathyoka,
kudula chitsulo m'timaduka tolowa m'mpope.
Kenako anabwera ndi mtengo wa mphanda
nandionetsa mabowo awiri kunsonga zake.
Apa pakufunika kachitsulo, anatero,
kotalika ngati chikhato, kopindika kumapeto.

Ntchito yochepa kuposa kusula mbedza.
Mwana wongoyamba kugwira nyundo angaithe.
Ndinasula makumi atatu dzuwa lisanapendeke
ndipo sindinadziwe kuti n'zachiyani.
Ndanama.
Ndinali nditayesa kale mphandayo ndi maso,
ndipo khosi ndili nalo inenso.

Ulendo wa ku Kilimane unanyamuka mbandakucha,
minyanga patsogolo, anthu pambuyo,
mtengo umodzi, makosi awiri.
Ndinaima pachipala ngati ndikukoleza moto.
Wachisanu ndi chinayi pamzere
anali ndi chipsera pachigongono,
chimene ndinamuotcha ndine ndi mbaniro, mwangozi,
mano ake asanathe kuguluka.
Sanandiyang'ane.
Anangokweza dzanja kunkhongo
mpaka pamene chingwe chinamulola,
nakhudza msomali ndi chala chachikulu
monga ankayesera mipaliro.
Wosula aliyense ali ndi kapindidwe kake.
Anadziwa.

Nachanza, mlongo wanga, anatsala,
ankatungira madzi alonda a pachipata.
Sanandifunse kanthu mpaka tsiku limene tinamuika,
koma khasu langa sanaligwirenso.
Ankakumba mbatata ndi kamtengo kosongola,
zala zikutuluka magazi,
khasu latsopano lili chiimire pakhonde
mpaka chiswe chinamaliza mpini.

Lero maso anga sasiyanitsa chitsulo chofiira ndi choyera.
Ndimamva kuti kumpata kwafika ankhondo ena,
ovala nduwira, a mfuti zolira osapumira,
ndipo akuti magoli akuwaunjika n'kumawatentha.
Atenthe.
Mtengo umapsa, msomali supsa.
Udzatsala m'phulusa, mvula idzaukwirira,
udzu udzamera, udzapsa, udzameranso,
ndipo tsiku lina, wina akulima munsi mwa phiri lino,
khasu lake lidzalira ngwe!
Adzawerama, adzautola,
adzaupukuta pansalu yake,
adzauzunguza padzuwa kuona mmene unapindikira,
n'kuitana mnzake wa mzere winawo:
Taona, anthu akale ankadziwa kusula.