Theka la Ngalawa

Loweruka ndimayendetsa ngalawa ya eni.
Ndi ya Dona Zulmira, mwini zombo za kapenta pa Chicoa:
mabwato awiri owonda ngati miyendo ya kakowa,
olumikizidwa ndi mitanda iwiri, pakati ukonde,
thanga lotalika kuposa denga la tchalitchi.
Injini ilibe, dizilo simwa.
Imadya mphepo basi.

Mphepo ikatsika m'mapiri a ku Songo cha m'ma naini
ndimakunga chingwe mpaka chilire,
bwato lakumanja n'kunyamuka m'madzi
ngati galu wokweza mwendo pachitsa,
ife pamwamba pake, matako panja,
madzi akung'ambika pansi pathu ngati nsalu yatsopano.
"Tsamira kunja, Kalisto, tsamira!"
Amayesa ndikuopa kuya.
Ine ndimaopa mitengo ya tsanya
yomwe inamira chilili damu litatsekedwa,
mpaka lero zala zake zikudikira.

Lamulungu, ikatha Misa, ndimabwerera kwa yanga.
Ili kuseri kwa nyumba, chagada pa njerwa zisanu ndi imodzi,
nthiti zina zikadali pamtunda.
Chaka chachitatu chino.
Miyezo ndinachita kuba ndi chikhatho
ponamizira kutsuka ndere pa ya Dona,
manambala ndinalemba pa pepala la thumba la simenti
lomwe mbuzi ya a Gervazio inadya ngodya imodzi.
Ngodya imeneyo ndimangoyerekeza.

Guluu amachokera ku Tete, pa basi ya Lachinayi.
Akakwera mtengo, ntchito imaima.
Evarista akafuna yunifomu, imaima.
Mvula ikabwera msanga, ndimavundikira ndi malata, imaimanso.
Odutsa amasuzumira pa mpanda:
"Bokosi lalitali chonchi, wamwalira ndani? Ng'ona?"
Anastazia saseka nawo, koma tsiku lina
anatulukamo ndi mazira asanu m'chitenje.
"Ona, ngalawa yako yayamba kale kugwira ndiwo."

Mwezi wathawu tinagubuduzika.
Tinali kuthamanga, mphepo ili kumbuyo,
mphuno yakumanzere inalowa m'funde, osatulukanso,
dziko linatembenuka, thanga pansi, ife m'madzi
pafupi ndi chilumba chija pamagona mvuu.
Dona anatuluka akutsokomola, akuseka,
nsapato imodzi itapita.
Ine ndikusambira ndinkangoganiza chimodzi:
mphuno imeneyi ndi yomwe ndinakopera.

Ndinafika kunyumba zovala zisanaume,
n'kuzula nthiti zitatu zakutsogolo,
ntchito ya miyezi inayi, misomali yamkuwa makumi anayi.
Anastazia anaima pakhomo, manja m'chiuno, osanena kanthu.
Evarista ndi amene anabwera kudzagwira thabwa.
"Ababa, mukuphwanyiranji?"
Ndinati ndikuipatsa chifuwa, mwanawe,
kuti ikakumana ndi funde izidzutsa mutu.
Anagwira mpaka dzuwa kupendeka,
utuchi uli mbuu m'tsitsi lake.

Zoona zake n'zakuti bwato ndi limodzi.
Lopyapyala chonchi, palokha silingaime m'madzi,
lingagwe cham'mbali ngati woledzera.
Mnzake akadali mtengo kwinakwake ku Marávia,
mbalame zikumangamo zisa,
sakudziwa n'komwe kuti ali ndi mbale.
Thanga likadali masaka a ufa m'mutu mwanga.

Komabe usiku wotentha, udzudzu ukandithamangitsa m'nyumba,
ndimakakhala pamphepete pake,
mapazi m'kati, momwe mukununkha guluu ndi zitosi.
Magetsi a zombo za kapenta amayala tauni pamadzi.
Kamphepo kakadutsa m'mapesi a mapira
dzanja limafunafuna chingwe lokha,
ndipo ndimatsamira kunja, pang'onopang'ono,
mpaka njerwa imodzi ichite gwede.
Apo ndimatsika, n'kuibwezera pamalo pake.