Ola Limodzi ndi Theka

Tikiti ikuti ola limodzi ndi theka,
kuchoka Newcastle kukatera Newquay,
mamailosi mazana atatu ndi ena pamwamba
ngati mbasela ya mayi wa tomato.
Tikitiyi sidziwa masamu.

Siwerengera kuti ndaweruka mbandakucha,
manja akadanunkha sopo wa kunyumba ya okalamba,
kuti ndadikira sitima pa Gateshead
chisanu chikunditafuna makutu.
Siwerengera miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi
ya makalata a maloya,
iliyonse kuyamba mwaulemu
n'kuthera pa ndalama.

Pachipata andivula lamba, andivula nsapato.
Mnyamata wa chitetezo wanyamula botolo la chiponde
chomwe ndinasinja ndekha Lachitatu,
walipendeketsa, walipenya,
akuti malamulo amati chiponde ndi madzi.
Chagwera m'bini, phi!
Ndathokoza. Kuno timathokoza zonse.

Kandege kake n'kochepa, kolira ngati chigayo cha dizilo.
Pambali panga mayi Trevaskis, wa tsitsi la phulusa,
akubwerera kwawo kuchokera ku ukwati wa mdzukulu.
Akuti pa sitima ulendowu umadya tsiku lathunthu,
pa galimoto msana umafika utapindika,
akuti tili ndi mwayi ife a masiku ano.
Ndavomera ndi mutu.
Pansi minda yadulidwadulidwa ngati zigamba za teleka,
nkhosa zili mbuu ngati mpunga wotayika,
kenako mtambo watseka zonse
ndipo ndatsala ndi nkhope yanga pagalasi,
ikuyeserera mawu oyamba.

Nkhungu yakuta Newquay.
Woyendetsa akupepesa, tizungulira kaye pamwamba pa nyanja.
Kamodzi. Kawiri.
Mphindi makumi awiri zomwe palibe anandigulitsa,
ndazilandira ndi manja awiri
poti mawu aja sindinawapeze.

Matayala agunda pansi.
Bwalo lake laling'ono, chitseko chimodzi,
mphepo ya mchere, mbalame zolira ngati ana.

Uyo Nagama, jekete lofiira lomwe sindikulidziwa.
Uyo kumbuyo kwake, theka la nkhope,
Tinenenji,
dzina lomwe tinamupatsa tikuseka
osadziwa kuti tidzalifunsa zenizeni.
Watalika. Mano awiri akutsogolo palibe.
Anagwa liti? Anawaponya padenga ndani?

Pakati pathu pali matailosi khumi ndi awiri.
Ndawawerenga.
Palibe ndege yoyenda mtunda umenewu,
palibe ndandanda yonena udzafika nthawi yanji.
Akulu anati mlendo ndi mame,
ine Lamlungu madzulo ndikhala nditakamuka,
koma anatinso chibale ndi fupa,
ndiye ndaponda tailosi yoyamba
nsapato zosamanga bwino chichokere pachipata paja.

Pa yachisanu ndi chiwiri watuluka yekha m'jekete la amake.
Wati moni, lilime likuterereka pa mawuwo
ngati phazi pa mwala wonyowa.
Wayang'ana chikwama changa, wayang'ana zingwe za nsapato,
wagwada, wandimangira mfundo ya makutu awiri
yomwe sindinamuphunzitse ine.

Kenako wafunsa m'Chingerezi cha kuno,
chokoka mawu ngati ulimbo:
kwanu n'kutali bwanji, adadi?

Ndatsegula pakamwa.
Ndayang'ana amake, amake ayang'ana nkhungu.
Ndati, pafupi, mwanawe,
ola limodzi ndi theka basi.