Magalamu Anayi ndi Nyenyeswa

Mvula ya ku Leicester siigwa, imangonyowetsa.
Ndatsika basi pa Belgrave ndili m'yunifolomu ya usiku,
manja akununkhabe sopo wa nkhalamba zomwe ndasambitsa,
mphete ili m'thumba, yokulungidwa m'lisiti la buledi.

Bambo Chudasama anachoka ku Limbe ine ndisanabadwe.
Chichewa chawo chinakalamba nawo limodzi,
amandifunsabe ngati buledi kwathu akadali wa matambala.

Aika mphete pasikelo.
Magalamu anayi ndi nyenyeswa.
Zaka khumi ndi zisanu za ine ndi Lyford,
ukwati wa ku Chilomoni, kwaya, ngongole, chipatala, maliro ake:
magalamu anayi ndi nyenyeswa.

"Mwabwera tsiku labwino, mayi," akuloza kanema pakhoma
pomwe mzere wachikasu ukukwera ngati chiswe pansanamira.
Kwina kwagwa bomba. Sitima zaima pakati pa nyanja.
Mabanki agwidwa nthumanzi, paundi ikutsimphina,
ndipo olemera akachita mantha amathamangira ku golide
monga anapiye kabawi akadutsa.
Mantha awowo ndi amene akweza mphete yanga.

Dzulo Esnart anaimba: kwacha aigwetsanso.
Shuga wa m'mawa ndi wa madzulo sakudziwana mtengo.
Fizi ya Mafuno kusekondale yafufuma ngati mtanda,
ndipo zomwe ndinasunga kubanki ya ku Ginnery Corner zaka zitatu
lero sizikwana matumba awiri a feteleza.
Palibe anathyola chitseko. Palibe woti n'kumugwira.

Masamu ndinakhoza bwino kusukulu
koma awa andikanika:
kuti dziko likamadwala, kachitsulo aka kamanenepa,
kuti mwana wanga akhala pa desiki
chifukwa wa mnzanga wina wagona mumsasa wa othawa nkhondo.

"Dikirani sabata imodzi," anong'ona.
"Zikaipiraipira, mudzapeza zochuluka."
Ndiye usiku uno ndikagwada ndipemphe chiyani?
Mfuti zilire mpaka Lachisanu?

Ayi, bambo. Werengani.

Mapepala oterera, osamva mvula,
awerengedwa kawiri pagalasi.

Panja, chala chatsala ndi mzere wotuwa.
Ndachibisa m'thumba la jekete.
Basi yachedwa, ndikulemba uthenga ndi dzanja limodzi:
Esnart, zikangofika usaphike, usasambe,
thamanga ukalipire lero lomwe.
Kwacha siigonetsedwa.