Dontho la mu Lunkhwakwa

Ndinatunga m'mamawa kunsi kwa mlatho,
pomwe amayi amachapira zovala za eni ake,
m'kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa.
Madzi oyera mbee. Ndikanatha kumwa.

"Zelipa, usakhutchumule," anatero a Shawa,
nathira pang'ono m'chubu choyesera.
Kapepala ka litimasi kanalowa kobiriwira,
kanatuluka kofiira ngati diso la wosagona.
"Asidi." Choko chinalira pabolodi.
Themomita ndinagwira ine, mpweya nditaumeza,
poti yatsala imodzi sukulu yonse.

Kenaka dontho limodzi pakagalasi.
Ndinatsinzina diso lamanzere,
lamanja n'kusuzumira m'maikulosikopu.
Mayo ine!
Msika wa Kapata tsiku Loweruka:
tina topalasa ngati njinga za pamsewu wa ku Mwami,
tina tongozungulira, tosowa kwawo,
kena kanagawika pakati ndikuona,
n'kukhala tiwiri.

Mayina ake ndinalemba mokhotakhota.
Pamayeso mwina ndidzalakwitsa.

Koma madzulo Ganizani atabwera thukuta kamukamu,
natambasulira dzanja kuchigubu,
ndinamulanda kapu.
Analira.
Makala anali otsala ochepa, a mawa,
ndinayatsabe mbaula.