Kakowa wa Mwendo Umodzi

Kuseri kwa msika wa Mangochi, kupitirira omata matayala,
Che Ndembo amagula zinthu zotopa:
ketulo yodontha, pisitoni ya njinga yamoto,
zitini zimene ana amatola m'ngalande za ku Mpondasi.
Safunsa kuti chinali cha yani.
Amangokoleka pa sikelo n'kutsinzina diso limodzi.

Ine ndinabwera ndi ndodo ya bambo,
ija ya kuchipatala, yotuwa mbuu,
imene anapatsidwa lole itawalanda mwendo
pokhota paja pafupi ndi mlatho,
atanyamula matumba awiri a chinangwa pa kabaza.
Zaka zisanu ndi zinayi inagogoda msewu,
go, go, wa ku mzikiti, go, go, pobwerera,
kenako inangoima kuseri kwa chitseko
ngati mlendo wotsalira pamaliro
amene aliyense akuchita manyazi kumutsanzika.

Sinakwane ndi kilo yomwe.
Che Ndembo anazula mphira wakunsi, wodyeka mbali imodzi,
n'kundiika m'dzanja.
"Uyu sasungunuka, amangonunkha."
Ndalama ndinalandira, koma miyendo inakana kuchoka.
"Ngati ulibe kopita, zunguza gudumu ilo."

Ndinazunguza. Mphepo inalowa m'makala, makala anakwiya.
Ndodo anaidula patatu ndi sowo.
M'chibekete chamoto inayamba yagwada,
kenako inagona,
kenako sindinathe kuisiyanitsa ndi ketulo ya munthu wina.
Che Ndembo anayengula litsiro ndi chipande chachitsulo,
pansi pake panatsala madzi owala ngati maso a usipa.

Mchenga wa mu Shire anali atauponda kale m'chikombole.
Anathira pang'onopang'ono, osapuma, osaphethira,
n'kupukuta manja, n'kupita kukaswali.
Ndinatsala ndikulondera mchenga ukufuka nthunzi.

Atauphwanya, munatuluka kakowa,
khosi lopindika bwino, mlomo wosongoka,
koma chitsulo chinazizira chisanafike mwendo wachiwiri.
"Wawonongeka uyu, abwerere pamoto."
Ndinawagwira mkono.
Ndinati akakowa amaima chonchi, mukawaone m'dambo la Chimwala.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
n'kundiponyera tupa.

Masiku atatu ndinapala nthenga imodziimodzi,
fumbi lasiliva m'mphuno, m'zikhadabo, m'tiyi.

Loweruka kunaima galimoto ya ku Blantyre.
Mayi Chikaonda, magalasi pamutu,
akuti kunyumba ali nazo kale khumi ndi chimodzi:
nkhwazi, ng'ona, nanzikambe, msodzi wopalasa bwato,
zonse pa shelefu yagalasi, iliyonse ndi kababu kake.
Anatembenuza kakowa, anamugogoda ndi mphete.
"Uyu ndiye ndilibe. Kodi ali ndi mbiri?"
Che Ndembo anandiyang'ana.
Ine ndinayang'ana makala.
"Zitini basi, mayi," ndinatero. "Zitini ndi ketulo."

Ananenerera mtengo, anatsitsako zikwi ziwiri,
komabe zinaposa zimene bambo ankapeza
mwezi wathunthu wopalasa dzuwa lili paliwombo.
Anamukulunga m'chitenje, n'kumukhazika pampando wakutsogolo,
mpaka kumumanga lamba.

Bambo ku Blantyre anapitako kamodzi kokha,
chogona, m'ambulansi, osaona ngakhale nyumba imodzi.
Lero aima kumeneko m'chipinda cha matailosi,
akupukutidwa fumbi Lachisanu lililonse,
alendo akuwerama kuti awaone bwino.
Sindikudziwa ngati ndinawagulitsa
kapena ndinawakweza basi yabwino.

Ndikadali kwa Che Ndembo. Gudumu ndi langa tsopano,
ndipo sabata yatha anandilola kuthira kamba ndekha.
Benchi imene timapalirapo inali yotsimphina.
Ndinatenga mphira uja m'thumba
n'kuuveka mwendo wofupikawo.
Sigwedezekanso,
koma ndikakanikiza tupa mwamphamvu
imayankha pa simenti: go.