Msoko wa pa Chitunda cha Munro

Faifi koloko m'mawa, Joni magetsi akadali m'maso,
ndinadziphatika nambala pachifuwa ndi mapini a kuntchito.
Ndine telala. Zaka khumi ndi zinayi ku Fordsburg
phazi langa lamanja lakhala likuthamanga osachoka pamalo,
lamanzere likungoonerera.
Namwino wa ku kiliniki ndiye anandiuza:
bambo Nkhwazi, magazi anu akuthamanga kukuposani,
dzukanipo pampandopo.

Ndiye ndi uyu ine, pakati pa zikwi za anthu,
fungo la mafuta otikitira minofu,
chigongono cha mlendo m'nthiti mwanga.
Mfuti inalira kutsogolo uko,
ife akumbuyo chiimire,
mphindi zitatu tikubwerekana mpweya
ngati pamzere wa takisi ku Bree tsiku la malipiro.

Kenaka msewu unamasuka.
Pha pha pha, nsapato zokhazokha,
timatumba ta madzi tikuphulika pansi pa zidendene,
maluwa a jakaranda ataterera pa phula.
Ndinadutsa mayi wina, ndinadutsa anyamata awiri,
mtima nkumati: kani ndi zomwezi?

Munro anandimva.

Chitunda chimenecho sichiyamba ndi mwano.
Chimakulonjera kaye, nkukhota,
ukati watha, chimatulutsa chinzake kuseri kwa mpanda wamiyala.
Mpweya wa mzinda uno ndi nsalu yopyapyala,
umakoka mita yonse, m'mapapo mumafika kachigamba.
Khamu lija linafinyana, ena nkuyamba kuyenda
manja m'chiuno, mitu zyoli.
Galu wa kuseri kwa geti anatiuwa mmodzimmodzi
mpaka mawu anamuthera.

Pamenepo ndinauona:
kabudula wobiriwira, masitepe atatu patsogolo panga,
msoko wake wokhota ngati njira ya woledzera,
ulusi wakuda pa nsalu yobiriwira,
nsonga yake ikulendewera, ikuvina.
Anasoka ndani zimenezi?
Ndani analandira ndalama ya munthu nkugona tulo?
Ndinapsa mtima, ndithu,
ndinaiwala chilaso m'nthiti, ndinaiwala akatumba,
ndinautsata ulusiwo kuti ndiuone bwino,
iwo patsogolo, ine pambuyo,
ngati ndine nsalu, mwini kabudula ndiye singano.

Mmene ndimadzutsa mutu, tinali pamwamba.
Kumbuyo, mitengo yokhayokha mpaka kumene maso athera,
kutsogolo nsanja ya Hillbrow itabaya mtambo.
Panalibe nthawi yoyamikira.
Matsitso anandilanda mabuleki,
mawondo nkumalira ngati makina osowa oyilo,
chikhadabo cha chala chachikulu chikutsanzika.

Pa kilomita ya khumi ndi chisanu ndi chitatu
basi inatipeza, basi yopanda matayala:
bambo wa mbendera kumsana ndi anthu makumi atatu
akuwerengera limodzi mapazi.
Anatimeza, anatitafuna pang'ono, natilavula kumbuyo.
Ine ndi kabudula uja tinatsala awiri,
wefuwefu wake, wefuwefu wanga,
osadziwana ngakhale nkhope.

Maola awiri ndi mphindi makumi anayi kudza imodzi.
Mwana wa sukulu anandikoleka mendulo yopepuka ngati batani.
Ndinakhala pa kapinga, miyendo ikunjenjemera yokha,
lamanja likupondabe makina amene palibe.

Mwini kabudula anatembenuka: mkulu wa imvi, mano awiri kulibe.
Anati dzina lake ndi Mokgethi, wa ku Tembisa,
anati kupuma kwanga kumbuyo kwake ndiko kunamukankha pa chitunda,
ankaopa kuti akaima ndimugwera.
Kabudulayo, anati, anasoka yekha
chaka chimene mkazi wake anamwalira.

Ndinali nditakonza kale mawu:
bwerani nayeni ku shopu, ndikukonzerani ulere.
Ndinawameza pamodzi ndi kokakola wofunda.
Ndinangoti: wagwira, mkulu, msokowo.
Wafika nafe.