Pereti ya Lolemba pa Chinamwali

Zaka makumi awiri ndi ziwiri
lipenga la ku Cobbe linkandidzutsa tambala asanalire.
Lero palibe ondiimbira, koma ndimadzukabe,
thupi silinamve kuti ndinapuma.
Ndimayala bedi, ngodya zili nga nga nga,
mkazi wanga n'kuseka m'bulangete:
"Bambo a Ndaziona, kolonelo uja salowa muno."

Tsiku lomaliza ndinabweza zonse:
jombo, lamba, chipewa, chikho cha lata,
mfuti yomwe ndinkaidziwa kuposa ana anga.
Kalaliki anachonga, anachonga, nati, "Sainani apa."
Chimodzi chokha anaiwala kulanda,
mawu anga aja ogwedeza bwalo la pereti.

Ndinapita nawo pa Chinamwali,
m'kachipinda kopanikizika pakati pa chigayo ndi ometa tsitsi,
momwe kampani inandipatsa achinyamata asanu ndi awiri,
makatoni a nyale za sola,
ndi nambala yoti tiifike mwezi usanathe.

Lolemba loyamba ndinakuwa: "Pamzere!"
Twaibu anacheuka, kufuna amene ndikumuuza.
Esinala anapitiriza kutafuna chinangwa chake.
Pofika Lachisanu awiri anali atapita,
wina anangosiya buku la malisiti pazenera
osatsanzika.

Kumsasa lamulo lili ndi miyendo, limayenda lokha.
Kuno lamulo ndi chidebe chobooka:
utunga ku Likangala chodzadza,
ufika pakhomo mwatsala matope.
Ndipo mawu oti "ayi",
ndawaphunzira ndili ndi imvi.
Ayi wa pa Mpondabwino, wouma ngati chikonyo,
ayi wa ku Matawale, wodzera pampata wa geti,
ayi waulemu, wokupatsa mpando ndi madzi akumwa,
amene amapweteka kuposa onse.

Ndiye ndinavula mawu aja, n'kuwapachika pamsomali.
Tsiku la msika ndinamtsata Esinala ku Thondwe,
ndinaima kumbuyo, manja kumsana, chizolowezi.
Iye anakhala pansi pambali pa mayi wa matemba,
nyale osaitchula n'komwe,
nafunsa za mwana wolemba mayeso chaka chino,
za mabatire a tochi amene satha sabata,
za chifuwa cha utsi wa koloboyi.
Ola lathunthu! Magazi anga ankawira.
Kenako mayi uja, yekha,
anamasula mfundo ya kumapeto kwa chitenje.

Ine, wophunzitsa mazana kuguba,
ndinabwerera m'minibasi ndili chete
ngati rikuluti wongometedwa kumene.

Komabe si zonse zinatsala kwa kalaliki uja.
Madzulo ndimayamba kuwerenga anthu, ndalama pambuyo.
Mvula itamtsekereza Twaibu kuseri kwa Jali,
njinga yathyoka tcheni, foni yazima,
ndinamlondola usiku m'matope ofika m'mawondo:
kwathu kuja munthu sasiyidwa kuthengo.
Mwezi ukatikana, foni ya abwana a ku Blantyre
imagwera khutu langa, osati lawo.
Mandasi a m'mawa ndimatenga lomaliza.
Pakhoma ndakhomapo mapu ojambula pakatoni,
Songani, Domasi, Mayaka, Chingale,
ndipo mivi yake tsopano ikuloza
kumene kuli mdima.

Ana awa amanditchabe Sajeni,
koma amatero akumwetulira.
Pereti yathu ya Lolemba ilibe mzere:
timakhala pamakatoni, mawondo kugundana,
aliyense n'kunena pomwe anagwa sabata yatha,
ine woyamba.

Nthawi zina, mphepo ikatsika phiri bwino,
imanditengera lipenga mpaka kuno.
Zidendene zimagundana zokha,
msana n'kuwongoka pakati pa kasitomala ndi chenje.
"Mwatani, achimwene?"
"Palibe, mayi. Mumati yaikulu kapena yaing'ono?"

Usiku ndimaima pakhonde ku Sadzi
n'kuyang'ana kumunsi, kumene mawaya sanafike.
Kuwala kumodzi. Kwina uko. Kwinanso kuseri kwa mango.
Ndimawerenga monga ndinkaitanira mayina m'bandakucha,
ndipo kulikonse kumayankha:
ndilipo.